Mpira umene a Sangwani anaphonya dala

A Ackim Sangwani ananyamula katundu wa apaulendo pa bwalo la ndege la Chileka zaka makumi awiri ndi zinayi. Agogo awo anachokera ku Mozambique akuyenda wapansi, iwowo anabadwira kwa Kuntaja, sukulu analekera Sitandade 5. Atapuma ntchito anakakhala pa Lirangwe, kwawo kwa akazi awo a Enifa, n'kumalima chimanga ndi nandolo. Mowa sankamwa. Chawo chinali pulu, masewera olowetsa mipira m'maenje ndi ndodo, pa tebulo la pakhonde la golosale ya a Sefu.

Ine ndinaphunzitsa masamu mpaka kupuma, ndipo kaseweredwe kawo kankandipsetsa mtima. Munthu sankayeza. Ankafika pa tebulo akucheza, n'kuwerama, ndodo kho, mpira uli m'dzenje, iwo akupitiriza za mtengo wa feteleza. Ndikawafunsa kuti amaona chiyani, ankaseka n'kunena kuti anayamba kale ku kantini ya ku Chileka, ndiye dzanja linazolowera.

Panali Rodney, bambo wa ana awiri, mlonda pa kampani ina mtauni. Iye pulu anaphunzirira pa foni. Ankazungulira tebulo, kugoneka ndodo, kuwerenga madontho a m'mbali, kutsinzina diso limodzi, kenako n'kumenya. Ankasewera bwino, sindikana. Koma Loweruka lina mu Okutobala a Sangwani anamugonjetsa kasanu motsatizana. Rodney ananena pagulu kuti malinga ndi masamu, mipira ina imene madala analowetsa sinayenera kulowa. Anthu anaseka. A Sangwani anamugwira chanza n'kumuuza kuti akapumitse mkonowo, watopa ndi kuyeza.

Lachitatu Rodney anagwa ali ku ntchito. Mkono wamanja unafa, pakamwa panapotoka. Kuchipatala anati ndi sitiroko, magazi ake ankathamanga kwambiri kuyambira kale. Pa Lirangwe anthu anakumbukira za chanza chija ndi mawu aja.

A Enifa akafika pa mjigo, amayi anzawo ankachotsa ndowa zawo n'kubalalika. Miyala inayamba kugwa pa malata dzuwa likuswa mtengo. Tonse timadziwa chimene chimachitikira nkhalamba ikangotchulidwa ufiti, timamva pa wailesi. Ndinauza a Sangwani kuti apite ku polisi kapena achokeko kaye. Anakana. Anati kuthawa n'kuvomera, ndipo nyumba ikatsala ndi a Enifa okha aiwotcha.

Loweruka lotsatira, cha m'ma 11 koloko m'mawa, Christopher, mkulu wake wa Rodney, anabwera kudzawatenga ndi amuna pafupifupi makumi awiri. Ena anali ndi miyala m'manja. Wina wa kabaza ananyamula botolo la petulo. Ndinawatsatira. Asanu ndi mmodzi mwa amuna amenewo ndinawaphunzitsa ndine, ndipo mayina awo ndimawadziwa mpaka lero.

Anawaimika pafupi ndi tebulo. A Sefu analowa m'golosale n'kutseka chitseko.

"Madala, tiuzeni tonse timve," anatero Christopher. "Mumayeza bwanji?"

"Sindiyeza, mwanawe. Dzanja limadziwa lokha."

Ananena zoona, koma panalibe yankho loipa kuposa limenelo. Gulu linang'ung'udza, wa botolo uja anasendera kutsogolo. Ndinayesa kufotokoza kuti wa kabaza naye sawerengera masamu akamakhota pa ngodya, thupi likachita chinthu zaka zambiri limachisunga. Christopher ananditembenukira.

"Aphunzitsi, pano si m'kalasi. Kapena mumadyera mbale imodzi?"

Ndinatseka pakamwa. Zimenezo zimandiwawabe.

Anawavula jekete ndi nsapato, kuwapisa m'matumba, kuwalanda ndodo yawo ya pulu imene ankayenda nayo m'thumba la nsalu. Anawapatsa ndodo ya pagolosale. Christopher anaika mpira wofiira kutsogolo kwa dzenje la pakona, woyera pakati pa tebulo, mpira woti ngakhale ine ndikanalowetsa. Lamulo sanalitchule koma aliyense analimva: ukalowa, ndiye kuti mankhwala ali m'thupi mwa munthu, ukapanda kulowa, anali m'ndodo.

A Sangwani anawerama monga mwa masiku onse, n'kudzukanso msanga ngati apsa. Thukuta linkadontha pa nsalu ya tebulo. Kenako anachita chimene sindinawaonepo akuchita. Anazungulira tebulo opanda nsapato, anagoneka ndodo, anawerenga madontho a m'mbali milomo ikugwedera, anatsinzina diso limodzi. Panapita nthawi yaitali. Atamenya, wofiira uja anagunda m'mphepete mwa dzenje n'kubwerera.

Amunawo anathyola ndodo yawo ija pabondo, anaithira petulo n'kuiwotcha pamsewu pomwepo. A Sangwani anawakankha kuti azipita. Nsapato sanawabwezere.

Patatha masiku atatu mwana wawo wamkazi, Ivy, anabwera ndi galimoto yahayala n'kuwatenga onse awiri kupita kwa Kuntaja. Munda wa pa Lirangwe ukulimidwa ndi ena. Rodney pano akuyenda, akumwa mankhwala a kuchipatala, mkono ukugwirako pang'ono. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapita kukapepesa. Christopher akandipatsa moni pamsika sindiyankha.

Ndinakawaona a Sangwani mwezi watha. Aonda, ndipo galimoto ikaima kumsewu amasiya kulankhula mpaka itadutsa. Ndinawafunsa ngati mantha ndiwo anawaphonyetsa tsiku lija. Anati ayi. Atawerama koyamba anamva kuti dzanja lapeza kale njira, likanalowetsa iwo asanaganize. N'chifukwa chake anadzuka. Anayenera kusankha malo otalikira chala chimodzi kuchokera pa dzenje, chifukwa kuphonya kwambiri anthu akanadziwa kuti achita dala.

"Tsiku lokhalo ndi limene ndinayezapo, aphunzitsi," anatero.

Pa siteji ya minibasi ya ku Chileka pali tebulo lina. Akamapita kukatenga mankhwala a akazi awo amaoloka msewu kuti asadutse pafupi, manja ali m'matumba. Amati ku Lirangwe wina akadwalanso akhoza kudzawatenga kuti akayese kachiwiri, ndipo sakudziwa ngati dzanjalo lingalole kuphonya kawiri.