Dzino Langa la Bodza

Mdzukulu wanga wamkazi anabadwa wofatsa. Ali khanda tinkachita kumusuzumira kuti tione ngati akupuma, poti kulira analibe nako ntchito. Makolo ake atapita kukaphunzitsa ku Vubwi anandisiyira ine, ndipo ine, pomukonda, ndinasanduka pakamwa pake. Kuchipatala namwino akamufunsa chomwe chikupweteka, woyankha ndinali ine. Abusa akamulonjera, iye kugwada, maso pansi, ine n'kumati, "Ali bwino, abusa." Amayi akumpingo ankangoti mwana waulemu ndi ameneyu, ine mapewa m'mwamba.

Atamaliza giredi twelofu kunabwera kalata yoti amutenga ku koleji ya uphunzitsi ku Chipata. Zilembo sindizidziwa, koma kalatayo ndinavina nayo.

Sabata yomweyo ndinamutuma ku Katete kukagula sutikesi. Pobwerera, minibasi inafika pamphambano yathu, iye duu. Kondakitala anali bambo wa imvi, tsono mwana wolera ine akanakuwira bwanji munthu wamkulu? Anangokhala, sutikesi pamiyendo, mpaka ku Sinda.

Atate ake atamva anandiimbira foni. "Amama, munthu wolephera kutsika basi akaima bwanji pamaso pa ana asukulu? Chaka chino akhale, azikuthandizani kukumba nsawa."

Ndinafuna kuwazazira, koma ndinadzifunsa ndekha. Wamulera chonchi ndani?

"Ndipatseni mpaka Loweruka," ndinatero.

Loweruka m'mawa ndinamanga nsagwada ndi duku, n'kumulozera mtsikanayo kuti dzino landigwira, andiperekeze ku Katete. Ine kukhala chete tsiku lonse! Kumeneko ndiye kunali kudwala kwenikweni. Pamsika mnzanga wakale anandipeza ndi nkhani yokoma ya banja lina lomwe latha, ine kumangogwedeza mutu, mafunso akunditentha m'mimba.

Pobwerera anatipanikiza kumpando wakumbuyo. Tikuyandikira kwathu, mtsikana uja anandigunda ndi chigongono.

"Ambuya, tafika."

Ine kubuula, maso nditatseka.

"Ambuya, auzeni."

Ndinasuzumira ndi diso limodzi. Mango apamphambano adutsa. Chigayo chadutsa. Ndinayamba kuganizira ngati ku Sinda ndili ndi wachibale woti n'kukamwako madzi.

Ndiye kunamveka mawu omwe sindinawamvepo chibadwire chake.

"Akondakitala! Imitsani! Ambuya anga odwala mukupita nawo kuti?"

Dalaivala anaponda buleki mpaka tambala wa mayi wina anagwera pamiyendo ya abambo a jekete.

"Asisi, pakamwa munasiya kunyumba?" anatero kondakitala.

"Ndabwera napo. Tsegulani chitseko."

Basi yonse kuseka. Tinatsika, ulendo wobwerera wapansi, dzuwa lili paliwombo. Tisanafike ndi pachigayo pomwe ndinali nditamasula duku, ndikumufunsa ngati anamva kuti mwamuna wa banja lotha lija anathawira kuti.

Anaima. "Ambuya, dzino lija?"

"Lapola, mwanawe. Mphepo ya m'basi."

Anandizazira njira yonse. Ati ndamuchititsa manyazi, ati munthu wamkulu wa Chigwirizano cha amayi akumpingo kunama chotere, ati thumba langa ndinyamule ndekha. Ndinalinyamula mosangalala.

Titafika ndinamupatsa foni.

"Ndinene kuti chiyani?"

"Kaya. Koleji ndi yako."

Anailandira, kenaka anaimba.

"Atate, ndine. Ku Chipata ndikupita. Ayi, ambuya sabwera pafoni, lankhulani ndi ine."