Nsalu Yoyera ya NyaMsiska

Tionge NyaMsiska adakwatiwa ndi Manasseh Kumwenda chaka chomwe holo ya kanema ya pa boma la Rumphi idafoleredwa malata. Manasseh ndiye ankayendetsa makina oonetsera zithunzi, ndipo dzina lake lidamveka mpaka ku Hewe ndi ku Phwezi. Mkazi wake anthu ankangoti mayi wa tsache uja.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, m'mawa uliwonse, Tionge ankasesa makoko a mtedza ndi a nzimbe pansi pa mabenchi. Nsalu yoyera imene zithunzi zinkaonekerapo adasoka yekha pamanja, polumikiza matumba asanu ndi atatu a ufa wa tirigu, misoko yake yobisika kuti isadule nkhope ya munthu pakati. Mwezi ndi mwezi ankaitsitsa, kukaichapa kumtsinje, n'kuisita ndi nsimbi ya makala. Palibe adamulemba ntchito. Inali ntchito ya mwamuna wake, idangosefukira kwa iye.

Anthu atayamba kuonera kanema m'nyumba zawo, holo idasanduka tchalitchi, kenaka mosungira fodya, kenaka nyumba ya mileme. Manasseh adamwalira. Nsalu ija Tionge adaipinda n'kuiika pansi pa matiresi.

Chaka chatha Jennifer Mhango, namwino wopuma ntchito, adagula holoyo kuti akonze masitolo kutsogolo ndi chipinda cha misonkhano kumbuyo. Adatumiza uthenga kuti a banja la Kumwenda adzafotokoze mbiri yake, mayina a onse amene adagwiramo ntchito alembedwe pa chikwangwani cha pakhoma.

Tionge adaleredwa kuti mkazi wamasiye sayankhula za banja la mwamuna alamu ake alipo. Choncho popita kwa Jennifer adatsagana ndi a Overton, mng'ono wa Manasseh. Iwo adakhala pampando, iye pansi chapakhomo, nsalu ili m'jumbo pamiyendo pake.

"Akulu anga anali munthu wa manja," adatero a Overton. "Makina, mabenchi, zonse okha. Ngakhale nsalu ija adachita kuitanitsa ku Mzuzu."

Jennifer adatembenuka, cholembera chili m'manja. "Nanga inu amama, pali chowonjezera?"

Tionge adafinya jumbo ija. Atsutse mlamu pamaso pa mlendo?

"Anena zonse alamu. Yewo chomene."

Adabwerera nayo nsalu osaitulutsa.

Chikwangwani chidakhomedwa dzinja lisanayambe. Tionge adapita kukachiona Lachiwiri lina pochokera kuchigayo. Adawerenga dzina la Manasseh, pansi pake la a Overton, amene adalondera pakhomo chilimwe chimodzi chokha. Adawerenganso kuyambira pamwamba, pang'onopang'ono, ngakhale ankadziwa kuti lake palibe.

Pa zilembozo panali fumbi la mumsewu. Dzanja lake lidapita lokha pa nsonga ya chitenje, n'kuyamba kupukuta.

"Siyani amama, musavutike," adatero Jennifer ali pakhonde. "Tidalemba munthu wosesa."

Tionge adatsiriza mzere wa Manasseh, n'kusenza ufa wake.