Luzi Loyezera Amayi

Ee, ine ndinayezedwa ndili moyo, ndipo ndikupumabe, ndikuvinabe!

Zinali zaka zija amuna anga ankalondera nyama ku gemu, nkhalango yosungira nyama, ife tikukhala pa kampu cha ku Kakumbi. Njovu usiku m'mapira, masana m'milambe, kusenda makungwa mpaka luzi kuti lende. Mwana wanga wamkazi anali atangoyamba sukulu. Tsiku lina anabwera ndi luzi la mlambe m'manja, thukuta kamukamu.

"Amama, gonani pansi. Aphunzitsi akuti aliyense ayeze amake, adule luzi, apite nalo mawa."

Ndinayala mphasa. Nanenso ndinkafuna kudziwa: kodi ine ndimathera pati?

Apongozi anga, amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Malama, anaponya lichero pansi.

"Iwe make mwana, dzuka! Munthu amayezedwa akamukumbira manda. Sukulu imeneyi ikuphunzitsa ana kuika amawo?"

Analanda luzi, naliponya pamoto. Mwana analira mpaka ntchofu. Akuti sapitanso, anzake onse akapereka amawo, iye manja lendelende ngati wamasiye.

Zoti asiye sukulu zinandiwawa. Ine sukuluyo ndinaimva pa zenera chabe. M'mawa ndinanyamula chidebe ngati wa kumadzi, ndinamukoka dzanja, tinasenda luzi lina m'njira.

Mayo ine, zimene ndinaona! Kalasi ya udzu, ndipo pa mtanda wa denga maluzi ali lendelende, lalitali kuno, lalifupi uko. Azimayi a mudzi wonse ali pamzere! Tiana tili pansi, kuyeza luzi ndi zikhatho, wani, thuu, firii, kukangana ngati pamsika.

"Amako ndi kachitsa!"

"Nanga ako, nyamalikiti!"

"Mwadzuka bwanji, amayi?" anatero aphunzitsi, mtsikana wa ku mtunda, wosadziwa za kuno kuchigwa. Ndinawauza za apongozi. Anagwira pakamwa.

"Pepani, sindinaganize. Nanga titani?"

"Wakufa amagona," ndinatero. "Ine ndiyezeni chilili."

Ndinaima pakhoma, chidendene pa luzi. Mwana anakwera pa benchi, kalilime kali panja, nakokera luzi pamutu panga. Ine miyendo sinamve, inayamba yokha kuvina. Ndinayambitsa nyimbo, tiana tinayankha, aphunzitsi akuti, "Amayi, imani nji, mukutalika n'kufupika!" Anadula maluzi katatu, lachitatu ndilo linakhala.

Kenaka ana onse anayeza luzi langa ndi zikhatho. Wina anapeza zambiri, wina zochepa. Ndinafunsa, "Nanga mayi mmodzi angakhale wamtali kwa uyu, wamfupi kwa uyo?" Aphunzitsi anaseka, nagundanitsa timanja ta ana awiri, kena kakakulu, kena kakang'ono. Ndiye anatulutsa rula. Ndinaigwira, ndinaitembenuza, timizere tosawerengeka ngati minga ya nsomba. Mpaka lero ndimadabwa kuti anagwirizana ndani kuti kamzere kakhale pamenepo.

Analimangirira pa mtanda luzi langa, pakati pa la mkazi wa abusa ndi la mnzanga wowotcha mowa, amene ndinkamuyesa wamfupi. Anandiposa ndi zala ziwiri, mfiti!

Kunyumba mwana anaulula yekha, asanavule n'komwe yunifolomu. Apongozi sanadye. M'mawa anagogoda pachitseko.

"Make mwana, wadzuka?"

"Ndadzuka, amayi, ndadzukadi!"

Anagogoda chomwecho mpaka mwezi unatha. Kenaka anatopa, nayamba kumuperekeza okha mdzukulu wawo kusukulu, kuopa njovu za m'njira.