Pomangira Kapulana

Chotupacho ndinachimva mwana wanga wachiwiri akadali wakhanda. Chinali kubere lakumanzere, cholimba ngati nyemba yosapsa. Ndinkati ndi mkaka woundana, ndiye ndinkangothowa ndi madzi ofunda, mpaka nyemba ija inafika ngati kachewere wambewu. Asisitere a ku mishoni, amene ife tinkati airima, atagwirapo anasiya kuseka. Anati ingakhale khansa, ndipo anandipezera malo pa kamyawo, lole yonyamula katundu, wopita ku chipatala chachikulu ku Beira. Inali nthawi ya nkhondo, magalimoto ankayenda mondondozana, asilikali patsogolo. Mwana ndinamusiyira mkulu wanga, amana, omwe nawonso ankayamwitsa wawo.

Ndinachoka kukuzizira, ndinabwera chimanga chikumasula. Bere analichotsa lonse. Chipsera chinayambira pakati pa chifuwa mpaka kukhwapa, ndipo mkono unkakana kukwera. Mwana ndinamupeza akukwawa. Atandiona anabisa nkhope m'khosi mwa amana.

M'mawa mwake ndinati ndimubereke. Ndinawerama, amana anamuika pamsana panga, ndinakoka kapulana, chitenje choberekera, monga ndinkachitira kuyambira utsikana wanga. Mfundo inagwera pachipsera penipeni. Ndinaona mdima. Nditamasula pang'ono, nsalu inatsetsereka mbali yopanda bere, mwana n'kupendekeka, n'kuyamba kulira.

"Bweretsa kuno, ungandigwetsere mwana," anatero amana.

"Ndingakugwetsereni? Ndi wanu?"

Amana anatambasula manja. Anangomutenga.

Kuyambira pamenepo ankayenda ndi ana awiri, wina kumsana wina m'chiuno. Kuchitsime azimayi ankawafunsa kuti mapasawo agona bwanji. Ine ndinkatsatira pambuyo ndi kandowa kakang'ono. Tsiku lina ndinamva mwana wanga akuitana amana kuti amama, ndipo sindinamukonze. Ku Beira anandiuza kuti matendawa nthawi zina amabwerera. Mumtima ndinkati, ngati ndili wopita, bola azolowere msana umene udzatsale.

Amana anandidziwa maganizo. M'mawa wina tikukonzekera kupita kudimba, anakhazika mwana wanga pansi, n'kundiponyera kapulana.

"Msana wanga si kamyawo, iwe. Wabwera wamoyo, nyamula katundu wako."

"Amana, mukudziwa kuti pakupweteka."

"Pakupweteka apo. Thupi lonse ndi chipsera? Taima."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi dzungu lalikulu. Anati tiyambe ndi limeneli, likagwa silidzalira. Tinayesa kumanga m'munsi, chapamimba: dzungu linalendewera m'matako. Tinayesa kupinda kansalu n'kuika pomwe panali bere: kanathawira kukhwapa. Ulendo wina dzungu linagwa n'kusweka, amana n'kunena kuti mwana woyamba ameneyo tidya masana. Ndinaseka mpaka chipsera chinakoka. Ndinali ndisanaseke chibwerere.

Dzungu lachiwiri ndi limene linatiphunzitsa. Nsonga imodzi ya kapulana ndinaidutsitsa pamwamba pa phewa lakumanja, inayo m'nthiti zakumanzere, kunsi kwa chipsera, mfundo n'kukhala pamwamba pa bere lotsalalo. Ndinayenda kuzungulira nkhokwe, ndinawerama, ndinadzuka. Dzungu lili phee.

Mwana sanali dzungu. Anakankha, anandikoka tsitsi, akutambasulira manja kwa amana. Iwo anasenza khasu n'kutsogola, osacheuka. Mwana analira njira yonse yotsikira kumtsinje. Kangapo konse ndinafuna kuwaitana kuti amutenge, koma ndinkangoyenda, ndikumugwedeza ndi dzanja labwinolo. Titawoloka, kulira kunasanduka kusisima. Kenako mutu wake unalemera pakati pa mapewa anga, ndipo ndinamva dovu lofunda likulowa m'bulauzi. Ndinalimirira kachewere tsiku limenelo ndi mkono umodzi, mwana ali mtulo, osafuna kumutsitsa.

Matenda aja sanabwerere mpaka lero, ngakhale posamba ndimadzipapasabe. Mkono umatupa ndikasinja kwambiri. Mwana uja tsopano amasewera masanje ndi anzake. Onse amabereka zitsononkho, mfundo pakati pa chifuwa, koma iye yekha amadutsitsa kansalu kake paphewa lakumanja. Anzake akamuseka amawauza kuti kwathu timamanga chonchi.