Amuna Obereka Mchenga

Ku Chipoka anthu ankawaseka a Yakobo. Bambo wa ndevu zake kubereka thumba la mchenga pachitenje ngati khanda! Koma odziwa chiyambi chake sankaseka.

A Yakobo anali mmisiri wa mauvuni owambira nsomba pa kakampani kena pafupi ndi njanji. Uvuni wawo woyamba, wa migolo, anauyesa amuna okhaokha, ali chiimirire. Atagulitsa angapo, anatsikira kunyanja kukafunsa amayi owamba. Koma m'zaka zija za makadi a chipani, ndani akanadandaula kwa munthu wofunsafunsa? Aliyense ankangoti, "Uli bwino, bwana." Iwo anabwerera mano ali pamtunda.

Sanaone kuti mayi akawerama potembenuza nsomba, phazi la mwana wakumsana limafika pomwe anaika paipi ya utsi. Salma, khanda la mayi wina dzina lake Habiba, anapsa mpaka zala kumatirirana. Habiba sanakasume kulikonse. Anangofika pageti la kampani, kumasula kansanza kuphazi la mwanayo, kuwaonetsa a Yakobo, n'kubwerera osanena kanthu. Kukhala chete kumeneko kunawatsata a Yakobo moyo wawo wonse. Nsomba yowamba sanaiikenso m'kamwa.

Kuyambira pamenepo anasiya kudalira mayankho. Ankaswera pamchenga, kungoyang'ana momwe amayi akuweramira, pomwe akuponda, komwe ana akukwawira. Anawavutitsa abwana awo mpaka linakhala lamulo: uvuni usanatuluke pageti, woupangayo auyatse n'kuugwiritsa ntchito atabereka thumba la mchenga m'malo mwa khanda. Amisiri anzawo ankanyinyirika ndi manyazi, koma chitenje chikawauka ndi moto ankakayambiranso kuupanga.

A Yakobo atachita imvi, kunabwera mayi wotsimphina, khanda lili kumsana, kudzaona uvuni watsopano womata dothi umene unkayaka pabwalo. Anamuzindikira ndi kayendedwe kuti ndi Salma uja, ndipo mantha anawagwira. Salma anawerama, kukoka waya wa nsomba, kutembenukira uku ndi uku. Kaphazi ka mwana kanakhudza khoma la uvuni. Mwanayo sanadzuke n'komwe.

"Mwauona bwanji, mayi?" anafunsa a Yakobo.

"Uli bwino, bwana," anayankha Salma.

Mawu omwe aja! A Yakobo sanathe kuwakhulupirira. Anapempha kaye, kenako anagwira kaphaziko ndi manja awiri, kutembenuza, kuona zala zonse. Sikanapse pena paliponse, koma iwo anakanika kukasiya.