Maina a Mng'ono Wanga

Mng'ono wanga atapita ku Joni, anasiya kugwiritsa ntchito dzina lake pa intaneti. Mwezi uno anali "Mkango wa ku Nsanama", mwezi winawo "Bwana Wosagona". Nambala ya foni ankaisinthanso. Ankati dzina lenileni limakoka achibale opemphetsa.

Bambo atamwalira m'mawa wina, amayi anati, "Umuuze m'bale wako msanga." Ife Asilamu timaika maliro tsiku lomwelo. Ndinakhala pakhonde n'kumayesa maina onse amene ndinkawakumbukira, koma kunkangotuluka nkhope zachilendo.

"Wam'peza?" anafunsa amayi.

"Iyayi, amayi."

Tinaika maliro titapemphera swala ya masana. Mng'ono wanga uja anadzandilembera patapita milungu, pa dzina latsopano, kufunsa ngati mvula yayamba. Ndinalibe mphamvu zomukalipira. Ndinamuuza za mvula ndi za maliro mu uthenga umodzi.