Andiphera Amayi Pakalata

Ndili m'kashopu kotayipira makalata kuseri kwa msika, ndikufuna kalata yofunsira malo kukoleji. Mwini wake ndi kabambo ka tayi yofiira, ka zala khumi ndi ziwiri, zonse zonyezimira mafuta a tchipisi. Dzina langa kalibe nalo ntchito.

"Amayi alipo?" kakundifunsa.

"Alipo, ndi awa."

Amayi aima pambali panga, dengu la tomato lili pamutu.

"Tiwapha," kakutero. "Akoleji amakonda ana amasiye."

Makina akusanza mapepala, onse ofanana: ndine mwana wamasiye, ndinkawerengera koloboyi. Mwadzidzidzi tili pabwalo la koleji. Ofunsira malo tonse tavala zakuda, tikulira maliro amodzi, mawu ake amodzimodzi. Akuluakulu a koleji akuyeza makalata athu pasikelo ya nyama, kenako akupukutira mamina. Kabambo kaja kafikanso, kakugulitsa misozi m'mabotolo a mankhwala a chifuwa, ndipo anzanga akulimbirana.

Amayi akundikoka malaya. "Iwe, ngati ndafa, nditule kaye tomatoyu."

Ndadzidzimuka kutulo. Panja amayi akusesa, ndipo kalata ya kabambo kaja ili patebulo, ikungodikira kuti ndisayine.